Chikamwini cha Kutsidya kwa Nyanja

Pakati pa Achewa, Amang'anja ndi Ayao, funso lakuti banja latsopano likakhala kuti silidasiyidwepo m'manja mwa mnyamata ndi mtsikana okha. Mwambo wa chikamwini umafuna kuti mwamuna achoke kwao, akamange nyumba kwa mkazi ndi kulima munda umene apongozi amulozera, ndipo ulemu wake pamudzipo umayezedwa ndi khasu. Akafuna kutenga mkaziyo kuti akakhale naye kwao, kumene ndiko chitengwa, sanyamuka usiku ngati mbala. Amatuma ankhoswe kukapempha kwa mwini mbumba, ndipo mwini mbumbayo ali nayo mphamvu yokana. Kwa Atumbuka, Ankhonde, Asena ndi Angoni a ku Mzimba, kumene malowolo amaperekedwa, mkazi ndiye amatsata mwamuna. Njira ndi ziwiri, koma ponseponse pamakhala wina wamkulu amene amayenera kuvomereza.

Masiku ano, pamene ana a dziko lino abalalika mpaka ku Leicester, Manchester ndi Glasgow, kwatulukira mwini mbumba wina amene makolo sadamudziwe. Iyeyu sakhala pabwalo, salandira nkhuku, ndipo samva chinenero cha ankhoswe. Ameneyu ndi boma la dziko limene mmodzi wa okwatiranawo akukhala. Munthu amene ali nzika ya Britain, kapena amene adapatsidwa chilolezo chokhala m'dzikomo mpaka kalekale, akamanga banja ndi munthu wakunja ayenera kuima pamaso pa unduna wa za m'dziko, wotchedwa Home Office, ndi kutsimikiza kuti adzamusunga mnzakeyo popanda kulemetsa boma. Akatero ndiye kuti wayamba ulendo wa zaka 5. Mbiri ya malamulo a ulendo umenewu ndi yoyenera kuidziwa, makamaka chifukwa chakuti mlandu umene udawagwedeza koposa ina yonse umatchulidwa ndi dzina la mayi wobadwira kuno ku Malawi.

Kufikira chaka cha 1962, anthu a m'maiko a Commonwealth ankalowa m'dziko la Britain momasuka. Lamulo la chaka chimenecho lidayamba kutseka chitseko, la 1968 lidachikankha, ndipo la 1971 lidaika mpiringidzo. Njira yolowera pofuna ntchito itapanikizika, khomo limene lidatsala lidali la banja, ndipo maso a boma adatembenukira komweko. Koma maso amenewo sadayang'ane amuna ndi akazi mofanana. Mwamuna wokhazikika m'dzikomo ankaloledwa ndi lamulo kuitana mkazi wake, ngakhale kuti ku Dhaka ndi ku Islamabad akazi ankadikira mapepala miyezi yambirimbiri. Akuluakulu a boma ankaona kuti mkazi kutsata mwamuna ndiye chilengedwe. Mkazi woitana mwamuna ndiye ankakayikiridwa. M'mwezi wa Januwale 1969, James Callaghan ali nduna ya za m'dziko, amuna a m'maiko a Commonwealth adaletsedwa kutsata akazi awo pokhapokha pakakhala vuto lapadera. Roy Jenkins adachotsa chiletsocho mu 1974, koma mu 1977 kudabwera lamulo lakuti mwamuna wotere ayambe wayesedwa miyezi 12 asadapatsidwe chilolezo chokhalitsa. Kunena mwachimudzi, boma la Mangalande lidavomera chitengwa nilikana chikamwini.

Izi sizitanthauza kuti akazi ankalandiridwa ndi manja awiri. Pa 1 Febuluwale 1979 nyuzipepala ya The Guardian idaulula kuti mphunzitsi wina wamkazi wa zaka 35 wochokera ku India, amene adatera pa bwalo la ndege la Heathrow kudzakwatiwa ndi mwamuna amene adamutomera, adapimidwa ndi dokotala wamwamuna kuti aone ngati adali asadadziwepo mwamuna. Chifukwa chake chidali ichi: m'masiku amenewo mkazi wokwatiwa kale ankayenera kudikira chilolezo ali kwao, pamene wotomeredwa ankatha kubwera wopanda chilolezocho, malinga ukwati uchitike isadathe miyezi 3. Tsono alonda a pachipata adaganiza kuti thupi la mayiyo ndilo lingawauze zoona. Boma la India lidakwiya kwambiri, ndipo mchitidwewo udaletsedwa. Koma mu 2011 ofufuza awiri, Marinella Marmo ndi Evan Smith, atafukula makalata akale a boma, adapeza kuti akazi osachepera 80 adachitidwa chipongwe chomwecho, ambiri mwa iwo m'maofesi a kazembe wa Britain ku India komweko.

Margaret Thatcher adatenga boma m'mwezi wa Meyi 1979, ndipo pa 1 Malichi 1980 malamulo atsopano adayamba kugwira ntchito. Mkazi wofuna kuitana mwamuna wake adayenera kukhala nzika, ndiponso adayenera kukhala wobadwira m'dziko la Britain momwemo kapena wobadwa kwa kholo limene lidabadwira mmenemo. Awiriwo adayenera kukhala ataonanapo maso ndi maso. Chachitatu, adayenera kusonyeza kuti cholinga chachikulu cha ukwatiwo sichidali kulowa m'dzikomo. Malamulowo sadatchule mtundu wa munthu kapena khungu lake, koma ndi ochepa amene adalephera kuzindikira kuti mkazi wachingerezi wobadwira ku Kent adasiyiridwa khomo lotsegula, pamene mnzake wobadwira ku Punjab kapena ku Limbe adatsekeredwa.

Mlandu wa ku Strasbourg

M'zaka za m'ma 1970 boma la Dr. Banda lidalamula Amwenye ochita malonda kuti asiye masitolo a kumidzi ndi kukakhala m'mizinda ikuluikulu yokha, ndipo mabanja ambiri adaona kuti kuli bwino kuchoka m'dziko. M'zaka zomwezo mayi wina, Nargis Abdulaziz, amene adabadwira ku Malawi mu 1948 nakulira konkuno, adapita ku Britain m'mwezi wa Disembala 1977. Mu 1979 adapatsidwa chilolezo chokhala mpaka kalekale, ndipo kumapeto kwa chaka chomwecho adakwatiwa ndi mwamuna amene adali nzika ya Portugal, wobadwira ku Daman m'dziko la India. Atapempha kuti mwamunayo aloledwe kukhala naye, boma lidakana. Akadakhala kuti iyeyo ndiye mwamuna ndipo wakunjayo ndiye mkazi, pempho lomwelo likadavomerezedwa.

Mayi Abdulaziz pamodzi ndi amayi ena awiri, Mayi Cabales obadwira ku Philippines ndi Mayi Balkandali obadwira ku Egypt, adakatula nkhani yawo ku bwalo la maiko a ku Ulaya loona za ufulu wa anthu, limene limakhala ku Strasbourg m'dziko la France. Boma la Britain lidadziteteza ponena kuti ulova udali wochuluka, ndipo kuti mwamuna wolowa m'dziko amadzafuna ntchito, pamene mkazi kawirikawiri amakhala pakhomo. Aliyense amene adaonapo amayi akusenza nkhuni kupita nazo kumsika, kapena anamwino a ku Jamaica akugwira usiku wonse m'zipatala za ku London, angathe kudziweruzira yekha kulemera kwa mfundo imeneyi. Oweruza nawonso sadakhutire nayo. Pa 28 Meyi 1985 adagamula kuti kusiyanitsa amuna ndi akazi mwanjira imeneyo kudali tsankho losaloledwa, ndipo kuti boma lofuna kusiyanitsa chotero liyenera kukhala ndi zifukwa zolemera kwambiri.

Komatu m'chigamulo chomwecho mudali mawu ena amene ambiri sawakumbukira, ngakhale kuti ndi amene akulamulabe nkhani zotere mpaka lero. Bwalolo lidanena kuti boma silikakamizidwa kulemekeza chisankho cha okwatirana pa dziko limene akufuna kukhalamo. Ufulu wokhala ndi banja ulipo, koma ufulu wosankha malo a banjalo palibe. Bwalolo lidakananso dandaulo lakuti malamulowo adali atsankho la mtundu. Choncho amayi atatu aja adapambana pa mfundo yakuti amuna ndi akazi aweruzidwe mofanana, osati pa mfundo yakuti mabanja asalekanitsidwe.

Boma lidaona mpata umenewu msanga. Mwana akadandaula kuti nsima yake yachepa poyerekeza ndi ya mbale wake, kholo likhoza kumuwonjezera, koma likhozanso kutapa ya mbaleyo mpaka mbamu ziwirizo zifanane. Boma la Thatcher lidasankha kutapa. Kuyambira m'mwezi wa Ogasiti 1985, zovuta zimene zinkagwera amuna akunja okha zidayamba kugweranso akazi akunja. Zofanana ndi zimenezi zidachitikanso kufupi ndi kuno. Ku Zimbabwe, bwalo lalikulu la milandu lidagamula mu 1994, pa mlandu wa Rattigan, kuti kukaniza mwamuna wakunja kukhala m'dzikomo ndi kuphwanya ufulu wa mkazi wake amene ali nzika. Patangopita zaka ziwiri, nyumba ya malamulo idasintha malamulo oyendetsera dziko nichotsa mwayiwo kwa amuna ndi akazi omwe.

Mwa malamulo onse a nthawi imeneyo, limene lidasautsa anthu koposa lidali lija la cholinga chachikulu cha ukwati. Munthu angasonyeze bwanji chinthu chimene mulibe mumtima mwake? Ukwati ukhoza kukhala weniweni, awiriwo nkumakondana, koma wofunsa mafunso ku ofesi ya kazembe akaganiza kuti chimene chidakopa mnyamata kwambiri ndi Britain, pempho linkakanidwa. Chodabwitsa ndi chakuti mwambo wa anthu eni ake unkasandutsidwa mboni yowatsutsa. Popeza kumadera ambiri a India, Pakistan ndi Bangladesh mkazi ndiye amapita kwa mwamuna, mnyamata wofuna kutsata mkazi wake ankafunsidwa chimene chamuchititsa kuphwanya mwambo wa makolo ake, ndipo yankho lililonse limene akadapereka linkaoneka lokayikitsa. Mnyamata wa ku Dedza kapena ku Mulanje akadayankha mosavuta kuti kwao amuna ndiwo amasamuka. Lamulo limeneli lidachotsedwa ndi Jack Straw m'mwezi wa Juni 1997, chipani cha Labour chitangolowa m'boma.

Muyeso wa ndalama

Funso la mumtima litachoka, pang'onopang'ono padabwera funso la m'thumba. Pa 9 Julayi 2012, Theresa May ali nduna ya za m'dziko, boma lidalamula kuti munthu woitana mkazi kapena mwamuna wake azilandira mapaundi osachepera 18,600 pa chaka. Pakakhala mwana amene si nzika, pankafunika mapaundi ena 3,800, ndi 2,400 pa mwana aliyense wotsatira. Chiwerengero cha 18,600 chidachokera ku bungwe la alangizi a boma lotchedwa Migration Advisory Committee, limene lidawerengera malipiro amene banja la anthu awiri likawafika silimayeneranso kulandira chithandizo cha boma cha anthu osowa. Tsiku lomwelo nthawi yoyesedwa idatalikitsidwa kuchoka pa zaka 2 kufika pa zaka 5.

Mfundo ya boma ndi yomveka, ndipo mwini mbumba aliyense angaimvetse: amene akutenga mwana wa eni ayambe wasonyeza nkhokwe. Chovuta chili pa kawerengedwe kake. Pa pempho loyamba, malipiro amene wakunjayo akulandira kwao sawerengedwa, ngakhale atakhala dokotala kapena injiniya, ndipo kalata yomulonjeza ntchito ku Britain siwerengedwanso. Nkhokwe imene imayezedwa ndi ya woitana yekha, ndipo kawirikawiri iyeyo ayenera kukhala atagwira ntchito kwa bwana mmodzi miyezi 6 pa malipiro okwanawo. Ndalama zosunga kubanki zikhoza kulowa m'malo mwa malipiro, koma masamu ake ndi owawa. Mapaundi 16,000 oyamba sawerengedwa, ndipo otsalawo amagawidwa ndi 2.5, zimene zikuimira zaka ziwiri ndi theka za chilolezo. Choncho munthu wopanda malipiro konse ankafunika kukhala ndi mapaundi 62,500, atawasunga kwa miyezi 6. Amene amalandira chithandizo cha ulumali kapena cha kusamalira wodwala amayezedwa ndi muyeso wofewerapo.

Taganizirani za mphunzitsi wachingerezi amene waphunzitsa zaka zingapo pa sukulu ya mishoni m'dziko muno, akulandira malipiro a makwacha, nakwatiwa ndi Mmalawi ndi kubereka naye mwana. Tsiku limene makolo ake adwala ndipo afuna kubwerera kwao, amapeza kuti malipiro ake akuno sangafike pa muyeso. Njira imene imatsala ndi yakuti apite yekha, apeze ntchito, agwire miyezi 6, kenaka apemphe, ndipo adikirenso yankho. Mwanayo, amene nthawi zambiri amakhala nzika ya Britain kudzera mwa mayi wake, amasowa kholo limodzi nthawi yonseyo. Mu 2015 mkulu woyang'anira ufulu wa ana ku England adatulutsa lipoti losonyeza kuti ana osachepera 15,000 adali atakhudzidwa ndi lamulo limeneli, ambiri mwa iwo akudziwa bambo kapena mayi wawo pa galasi la foni lokha. Ofufuza a ku yunivesite ya Oxford adapezanso kuti m'chaka chomwecho pafupifupi anthu 40 mwa 100 alionse a nzika zolembedwa ntchito sankafika pa malipirowo, ndipo kuti mwa akazi, olepherawo adaposa theka. Tsankho limene amayi atatu aja adalithamangitsa pakhomo mu 1985 lidabwereranso pawindo, tsopano litavala malaya a masamu.

Mabanja adapita nayo nkhaniyi ku bwalo lalikulu koposa la dzikolo. M'mwezi wa Febuluwale 2017 oweruza 7 adagamula kuti muyeso wa ndalama si wosemphana ndi lamulo, ngakhale kuti adavomereza kuti ukubweretsa mavuto aakulu. Adalamula kokha kuti boma liziganizira ubwino wa ana ndiponso, pa nkhani zapadera, ndalama zochokera kwina monga chithandizo cha achibale. Amene aloledwa kudzera pa khomo lapaderali sayenda zaka 5 koma 10, akulipira chilolezo chatsopano pakatha zaka ziwiri ndi theka zilizonse.

M'mwezi wa Disembala 2023 nduna James Cleverly idalengeza kuti muyesowo ukwera kufika pa mapaundi 38,700. Anthu atafuula, boma lidati likweza pang'onopang'ono, ndipo pa 11 Epulo 2024 muyeso udafika pa mapaundi 29,000; wodalira zosunga kubanki zokha adayamba kufunika mapaundi 88,500. Boma la Labour limene lidalowa m'mwezi wa Julayi 2024 lidaimitsa kukwera kwinako nilipempha alangizi aja kuti aunikenso. Lipoti lawo la m'mwezi wa Juni 2025 lidalangiza kuti chiwerengero cha 38,700 chisatsatidwe.

Zimene wopempha amakumana nazo

Ndalama za woitana ndi chiyambi chabe. Wopemphayo, ali ku Lilongwe, ku Lusaka kapena ku Harare, ali ndi katundu wakewake. Ayenera kupimidwa chifuwa chachikulu ku chipatala chimene boma la Britain lidavomereza, ndipo kalata yake imagwira ntchito miyezi 6 yokha. Onse awiri ayenera kukhala a zaka zosachepera 18. Mu 2008 boma lidakweza msinkhuwo kufika pa 21, koma bwalo lalikulu lidakana zimenezo mu 2011. Ayenera kusonyeza kuti pali nyumba yokwanira yokakhalamo, ndi kuti ukwatiwo ndi weniweni ndipo ukupitirira. Apa ndipo anthu amasonkhanitsa zithunzi, matikiti a ndege, malisiti a ndalama zotumizirana ndi mauthenga a pafoni, kotero kuti mawu amene awiri adanong'onezana usiku amakawerengedwa ndi kalaliki amene sadawaonepo.

Ukwati umavomerezedwa ngati uli wovomerezeka m'dziko limene udachitikira. Lamulo la Malawi la maukwati la chaka cha 2015 limazindikira ukwati wa kwa DC, wa kutchalitchi kapena kumzikiti, ndi wamwambo, koma kalaliki wa ku Home Office amakhulupirira pepala, ndipo chinkhoswe chimene mudzi wonse udachionerera koma sichidalembedwe m'kaundula chimavuta kuchitsimikiza. Za mitala ndiye palibe kukambirana: chiyambire lamulo la 1988, mwamuna amene ali kale ndi mkazi m'dzikomo sangaitane wachiwiri, ngakhale ukwatiwo utakhala wovomerezeka kwao. Otomerana amapatsidwa miyezi 6 yoti akwatirane, ndipo m'miyezi imeneyo wakunjayo saloledwa kugwira ntchito.

Pali chinthu china chimene chimadabwitsa aphunzitsi ndi ophunzira omwe. Kuyambira m'mwezi wa Novembala 2010, wopempha ayenera kukhoza mayeso a kulankhula ndi kumva Chingerezi asadanyamuke. Nzika za maiko monga America, Canada, Australia, Jamaica ndi Barbados sizilemba mayesowo, pakuti maiko awo amawerengedwa kuti ndi olankhula Chingerezi. Pa mndandanda umenewo palibe dziko ndi limodzi lomwe la mu Africa. Tsono mtsikana amene waphunzira m'Chingerezi kuyambira Sitandade 5, nakhoza bwino Chingerezi pa mayeso a MSCE, ayenerabe kulipira ndi kukakhala pamaso pa woyesa kuti asonyeze kuti angathe kutchula dzina lake ndi kufotokoza kumene amakhala. Chimene chingamupulumutse ndi digiri yophunzitsidwa m'Chingerezi, nayonso itayamba yatsimikizidwa ndi bungwe la kumeneko. Mayesowo ndi apafupi pa chiyambi, amalimbirapo pakatha zaka ziwiri ndi theka, ndipo pa mapeto pake pamabwera ena olimba koposa, pamodzi ndi mayeso otchedwa Life in the UK, a mafunso 24 okhudza mbiri, malamulo ndi miyambo ya dzikolo, amene munthu ayenera kukhozapo 18 m'mphindi 45.

Mtengo wake nawo ndi wosayamba. Malinga ndi mitengo imene idakhazikitsidwa m'mwezi wa Epulo 2025, pempho loyamba lidali mapaundi 1,938, lachiwiri 1,321, ndipo lomaliza 3,029. Pamwamba pa izi pali msonkho wa zachipatala, umene udayamba mu 2015 pa mapaundi 200 pa chaka ndipo udafika pa 1,035 m'mwezi wa Febuluwale 2024. Umenewu umalipiridwa wonse pamodzi, chilolezo chisadaperekedwe, ngakhale munthuyo adzakhale akugwira ntchito ndi kukhoma misonkho ina monga wina aliyense. Pa mitengo imeneyo, zonsezi zikaphatikizidwa zinkayandikira mapaundi 12,000 pa munthu mmodzi, osawerengera ndege, mayeso, kapena loya. Pempho likakanidwa, ndalama ya pempholo sibwezedwa. Ndipo pa zaka 5 zonsezo wakunjayo, ngakhale amaloledwa kugwira ntchito, saloledwa kulandira chithandizo cha boma cha anthu osowa.

Koma choopsa chachikulu cha zaka zimenezi sichili m'thumba. Mkamwini wa kumudzi akazunzidwa amanyamula khasu ndi mphasa yake nabwerera kwa amayi ake, ndipo mkazi wa chitengwa ali ndi alongo ndi amalume amene angabwere kudzamutenga. Wopita ku Britain pa chilolezo cha ukwati alibe zimenezi. Chilolezo chake chapachikidwa pa ukwatiwo monga chipanda pa msomali. Banja likatha zaka 5 zisadakwane, Home Office iyenera kuuzidwa, ndipo kawirikawiri chilolezocho chimadulidwa, munthu nkupatsidwa masiku 60 oti apeze njira ina yokhalira kapena achoke. Mphamvu yotere ikakhala m'manja mwa mwamuna kapena mkazi wankhanza imasanduka chikoti. Alipo ambiri amene adapirira kumenyedwa ndi kulandidwa malipiro poopa mawu amodzi okha, akuti adzawabweza kwao. Ndipo kwaoko nkumene adagulitsa munda kapena kukongola ndalama za ulendo, kumenenso achibale akudikira thandizo mwezi ndi mwezi.

Gulu la amayi la ku London lotchedwa Southall Black Sisters lidalimbana ndi vuto limeneli zaka zambiri, ndipo mu 1999 boma lidavomera kuti munthu amene banja lake latha chifukwa cha nkhanza apemphe chilolezo chokhalitsa nthawi yomweyo, osadikira kuti zaka zoyesedwa zithe. Mu 2002 zimenezi zidalowa m'malamulo enieni, ndipo kuyambira mu 2012 wothawa nkhanza amene alibe pogwira amatha kupatsidwa miyezi 3 ya chithandizo cha boma pamene akukonza pempho lake. Chimene chimafunika ndi umboni: lipoti la apolisi, kalata ya dokotala, chigamulo cha bwalo kapena kalata ya nyumba yosungirako othawa nkhanza. Apa mwambo umene atsikana ambiri amalangizidwa, wakuti za m'nyumba saulula ndipo banja ndi kupirira, umamugwetsa munthu m'dzenje, pakuti amene adabisa mabala ake zaka zitatu amafika kwa kalaliki manja ali lendelende. Khomo lofanana ndi limeneli lilinso lotsegula kwa amene mkazi kapena mwamuna wake wamwalira zaka 5 zisadathe.

Owerenga asasokoneze njira imeneyi ndi ya anthu amene adapita pa chilolezo cha ntchito, pakuti iwowo ali ndi malamulo awoawo. Amene adalembedwa ntchito yosamalira okalamba ndi odwala, mwachitsanzo, adaletsedwa kuitana akazi, amuna ndi ana awo kuyambira pa 11 Malichi 2024, kupatula amene adali kale pa chilolezocho tsikulo lisadafike.

Amene wapirira miyezi 33 ya chilolezo choyamba ndi 30 ya chachiwiri, banja lili chilili ndipo muyeso wa ndalama ukukwanabe pa pempho lililonse, amafika pa chilolezo chokhala mpaka kalekale. Kuyambira tsiku limenelo kukhala kwake sikudaliranso ukwati. Komabe dzina la chilolezocho limalonjeza zoposa zimene chimapereka, pakuti munthu akakhala kunja kwa Britain zaka 2 zotsatizana, chilolezocho chimafa chokha. Amene wabwerera ku Ntcheu kukadwazika mayi wake, matenda nkutalika, akhoza kupeza kuti khomo limene adalilipirira mapaundi zikwizikwi latsekeka. Nchifukwa chake ambiri sachedwa kupempha unzika weniweni, umene mkazi kapena mwamuna wa nzika angaupemphe atangolandira chilolezo chokhalitsacho. Kale Mmalawi wochita zimenezi ankataya unzika wa dziko lake lobadwira, mpaka pamene nyumba ya malamulo idasintha lamulo la unzika m'mwezi wa Disembala 2018 ndi kulola munthu kukhala nzika ya maiko awiri.